Kalata yotseguka: nsanja za pa phiri la Dedza zimatilankhula, nafenso tipatseni mpata

Kwa a Nduna ya Zofalitsa Nkhani, a bodi ndi akuluakulu a MBC, akuluakulu a MACRA, ndi a makhonsolo a Dedza ndi Ntcheu.

Zikomo mabwana ndi madona, ndapota nanu, ndiloleni ndilankhule.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndinagwira choko zaka zoposa 30 m'sukulu za pulaimale za kuno ku Dedza ndi kwa anansi athu ku Ntcheu, ndipo lero ndimalima kachewere, nyemba ndi kabichi kufupi ndi Bembeke. M'mawa kukacha kopanda nkhungu, ndikaima pakhomo panga ndimaona phiri la Dedza, nsanja zachitsulo zija zili njo pamsonga pake. Adzukulu anga amadziwa kuti mawu a pa wailesi, zithunzi za pa kanema ndi netiweki ya foni zimadzera pamenepo. Tsiku lina wamng'ono mwa iwo anandifunsa kuti, "Agogo, nanga ifeyo tikafuna kuwauza zathu anthu a mu wailesiwo, timakwera phiri lomwelo?" Ndinangoti kakasi. Funso limenelo landikhala kumtima miyezi ingapo, ndipo ndi limene landigwiritsa cholembera.

Musanamve pempho langa, ndikufuna mudziwe kuti akulemberaniyu ndi munthu wokonda wailesi yathu. Bambo anga atabwerako ku Wenela anagula wailesi ya Nzeru. Ankaifunditsa kansalu koyera ngati khanda, waya wake atamangirira pa mtengo wa pichesi, mabatire akayamba kufooka n'kumawayanika padzuwa. Madzulo bwalo lathu linkadzaza, ena atabwera ndi timipando tawo. Nthawi ya mauthenga a maliro ikakwana, ngakhale mwana sankatsokomola. Usiku wina tinamva dzina la malume athu amene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, kenako dzina la mudzi wathu, la mfumu yathu, mpaka la a T/A Kamenyagwaza. Muulutsi asanamalize n'komwe, amayi anali atayamba kale kulira. Tambala woyamba asanalire bambo ndi achibale awiri ananyamuka wapansi kupita kumsewu, ndipo anakafika mwambo usanachitike. Pakadapanda uthenga umenewo, malume akadaikidwa ndi alendo okhaokha. Ndinali mwana, koma ndinaona ndi maso anga kuti kabokosi kaja kankadziwa mudzi wathu ndi dzina, ndipo kuyambira pamenepo sindinaione wailesi ngati chinthu cha eni ake.

MBC yakhala nafe kuyambira 1964. Kwa zaka pafupifupi 30 inali yokhayo m'dziko muno. Radio 2 inabwera mu 1997, wailesi ya kanema ya TVM inayamba mu 1999 n'kudzaphatikizidwa ndi MBC pambuyo pake, ndipo lero mlengalenga mwadzaza: Zodiak kuyambira 2005, mawailesi a mipingo, a achisilamu, a m'madera, osawerengeka. Ndimawamvera ambiri mwa iwo ndipo ndimawayamika. Komabe wailesi ya boma ndi yosiyana ndi onsewo. Enawo ali ndi eni ake, ndipo tsiku limene otsatsa malonda awathawa akhoza kutseka khomo. Iyi mwini wake ndi ine, ndi mayi wogulitsa tomato pa Lizulu, ndi msodzi wa ku Mtakataka. Ndikagula shuga, malata kapena mayunitsi a foni, ka msonkho kamene ndasiya pamenepo kamakalowa m'thumba lomwe Nyumba ya Malamulo imatapamo popereka ndalama ku MBC. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 nalonso limafuna kuti wailesi imeneyi itumikire Amalawi onse mosakondera. Ndiye ndikulemba ngati mwini munda amene akufuna kudziwa gawo lake la zokolola.

Pempho langa ndi ili: ola limodzi patsiku la anthu a Dedza ndi Ntcheu, lokonzedwa konkuno, lolankhula za konkuno. Theka lake m'mawa anthu asanalowe m'munda, theka lina madzulo nsima itaphikidwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 ku Dedza ndi oposa 650,000 ku Ntcheu. Tikaphatikizana tikuyandikira miliyoni imodzi ndi theka, kuposa mzinda wa Lilongwe kapena wa Blantyre. Masitudiyo a MBC ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pa boma la Dedza ndi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 okha kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndikuganiza kuti kuyandikira kumeneku ndi kumene kumatiphimba: munthu ali ku likulu amaona ngati Dedza ndi kuseri kwa nyumba, akadzapeza mpata adzasuzumirako. Nkhani za m'maboma timazikonda, takula nazo, koma maboma alipo 28 ndipo mphindi zake n'zowerengeka. Dzina la boma lathu likamveka kamodzi, kumakhala kudikiranso. Akatswiri anu akudziwa kuti n'zotheka nsanja imodzi kupatuka kwa kanthawi, kuulutsa pulogalamu ya dera lake, kenako n'kubwerera ku pulogalamu ya dziko lonse. Mawailesi a boma a maiko ena amachita zimenezi tsiku ndi tsiku.

Mwina mufunsa kuti mu ola limenelo muzimveka chiyani chosamveka kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndiyambe ndi chimene chinandipweteka ine mwini.

Chaka china ndinakumba kachewere wabwino zedi, Violet wosalala ngati mazira. Mbandakucha mavenda anatulukira ndi lole. Anandiuza kuti ku Lilongwe kachewere wachuluka, ku Wakawaka kulibe ndi poponda pomwe, mitengo yagwa, ndipo ndikazengereza andiwolera m'manja. Ndinalibe wofunsa. Thumba lawo lija mumalidziwa, losokerera lina pamwamba, loti kulikweza m'galimoto mpaka anyamata anayi. Ndinagulitsa zonse. Patangopita masiku awiri mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Lilongwe anandiimbira foni, kufunsa ngati ndatsala ndi kachewere, poti kumeneko akusowa ndipo mtengo wakwera. Ndinakhala pansi pa mzere. Ndalama imene inandidutsa tsiku limenelo ndi imene ikanagula feteleza wa chaka chotsatira. Sindikuloza chala aliyense wa inu pa nkhaniyi. Ndikungoti, pakadakhala mawu odalirika m'mawa uliwonse onena kuti thumba la kachewere dzulo linali pa mtengo wakuti pa Bembeke, pa Lizulu, pa mphambano ya Tsangano, pa Chimbiya, ku Wakawaka ndi ku Limbe, venda sakadandinamiza ndili maso. Mphindi zisanu zokha. Maboma awiriwa ndiwo amadyetsa mizinda kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba, koma mlimi amene wazilima ndiye womalizira kudziwa mtengo wake.

Za nyengo nazonso. Mlendo akamva kuti Dedza amaganiza za kuzizira, ndipo sanama: mu June ndi July kuno kumtunda chisanu chimawaula mbewu zakudimba usiku umodzi. Koma tsikani Khwekhwerere mukafike ku Golomoti ndi ku Mtakataka, mupeza dziko lina, lotentha, la mpunga wa ku Bwanje ndi asodzi amene mdani wawo ndi mwera. Boma ndi limodzi, nyengo ziwiri. Choopsa n'chakuti mvula ikagwa yamphamvu kuno kumapiri, madzi ake amakasefukira kunsi kwa anthu amene sanaone ndi mtambo womwe. Livulezi, Nadzipulu, Namikokwe ndi Bwanje yomwe zimatha kudzaza dzuwa likuswa mtengo. Mwana akuchokera kusukulu amafika pamtsinje umene anauoloka m'mawa madzi akulekeza m'akakolo, n'kuupeza ukukokolola mitengo. Ndaphunzitsapo kuchigwa, ndipo ndikudziwa mmene mtima wa mphunzitsi umagundira akaweruka ana m'mwezi wa February. Nthambi yoona zanyengo imatulutsa ulosi wa boma lililonse dzinja lisanayambe, koma ambiri a ife sitiumva mwatsatanetsatane, m'chinenero choti agogo a kumudzi atolepo kanthu. Munthu mmodzi ali pa situdiyo ya pa Dedza, akulandira mafoni kuchokera kumapiri n'kuchenjeza akuchigwa kuti lero ana asaoloke okha, akhoza kupulumutsa moyo.

Matenda a ziweto ndi mbewu amayendanso mudzi ndi mudzi, mwakachetechete. Chigodola chikagwa m'khola limodzi, mwini wake amathamangira kupha nkhumba n'kukagulitsa nyama pamsika, ndipo sabata isanathe makola a mudzi wonse amakhala pululu. Ntchemberezandonda zitafika m'dzinja la 2016 mpaka 2017, ambiri tinkayesa ndi kapuchi wamasiku onse, n'kumathira mankhwala osayenera. Chiwawu cha kachewere ndi tomato chimakonda nkhungu ndi chinyezi cha kuno kwathu. Alangizi a zaulimi alipo, ndipo ndimawamvera chisoni: munthu mmodzi, njinga imodzi, midzi yosawerengeka. Mpatseni maikolofoni mphindi khumi, afika pakhomo lililonse tsiku limodzi. Momwemonso alangizi a zaumoyo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuti uthenga wakuti "sambani m'manja" ndi wabwino, koma umene umadzutsa munthu ndi wakuti matenda afika pamsika wakutiwakuti, chitsime chakuti musamwe, kolorini akugawidwa pa chipatala chakuti mawa m'mawa.

Pa Lizulu, monga mukudziwa, msewu wa M1 ndiwo malire. Ukagula tomato mbali ino uli ku Malawi, ukaoloka kukagula anyezi uli ku Mozambique. Anthu a ku Angónia ndi abale athu, chinenero chimodzi, mafumu a magazi amodzi, ndipo pa nthawi ya nkhondo yawo, mtendere wa 1992 usanabwere, tinagawana nawo minda ndi zitsime. Wailesi ya boma lawo, Rádio Moçambique, ili ndi nthambi m'chigawo chilichonse, ndipo ya ku Tete imaulutsa ndi m'Chinyanja momwe, kunena za m'chigawo chawocho. Dziko limene linasakazidwa ndi nkhondo zaka zambirimbiri linaona kuti wailesi ya boma iyenera kukhala ndi miyendo m'zigawo. Ife amene takhala pamtendere chilandirire ufulu sitingalephere zimenezi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu anena kuti ntchito imeneyo ndi ya mawailesi a m'madera, ndipo MACRA inapereka kale ziphaso. Zoonadi, ndipo ife a kuno tili ndi Bembeke FM imene timainyadira. Ana amene amagwira ntchito m'mawailesi oterewa ndimawavulira chipewa. Ambiri ndi ongodzipereka, amayenda pa kabaza kukatola nkhani ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Koma wailesi ya m'dera imakhala ndi mphamvu zochepa, mawu ake safika patali, ndipo magetsi akazima, mafuta a jenereta akasowa, imangoti zii. Kutula udindo wonse pamutu pa anawa n'kuwasenzetsa denga okha. Chimene ndikupempha n'chakuti mugwirane nawo manja. MBC ili ndi akatswiri a zipangizo, akonzi a nkhani odziwa ntchito, ndi nsanja zofika kutali. Mawailesi a m'madera amadziwa njira zachidule zopita m'midzi, amadziwa mfumu iti ikudwala ndi mlatho uti wakokoloka. Ku boma lililonse kulinso ofesi ya zofalitsa nkhani ndi atolankhani a bungwe la boma lotola nkhani la MANA. Anthu alipo kale. Chatsala ndi munthu wowaitana kuti akhale pa mphasa imodzi, ola lija alikonzere limodzi, lizimveka pa MBC ndi pa wailesi ya m'dera nthawi imodzi, ndipo nkhani imene yakula izikwera mpaka ku nkhani za dziko lonse.

Tsopano ndilankhule ndi inu a makhonsolo, chifukwa gawo ili ndi lanu. Mu 1998 tinalonjezedwa mphamvu ku anthu. Tinasankha makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ndipo inenso ndinakhalapo mlembi wa VDC. Koma ndikuuzeni zoona, anthu ambiri a m'mudzi mwathu sadziwa kuti khonsolo imakumana liti, imakambirana chiyani, ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) zabwera zingati ndipo zapita pati. Timangoona njerwa zaunjikidwa, maziko akumbidwa, kenako udzu wamera. Kapenanso timaona chipinda chophunziriramo chatha bwinobwino, osadziwa woyenera kumuthokoza. Mphekesera zimamera pamene palibe mawu. Nyumba ya Malamulo ikamakumana ku Lilongwe timaimva pa wailesi, mpaka timadziwa phungu amene amayankhula ndi amene amangokhala. Bwanji msonkhano wa khonsolo yonse ya Dedza kapena ya Ntcheu osamveka chimodzimodzi? Mjigo wa m'mudzi mwanga sukambidwa ku Lilongwe, umakambidwa pa boma pompa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma mayi wa kwa Ganya kapena kwa Chilikumwendo sangalipire galimoto kupita ku boma kukalemba kalata yofunsa. Wailesi ikhoza kumufunsira. Kamodzi pamwezi bwanamkubwa, mkulu wa zaumoyo, wa zamaphunziro ndi wa zaulimi akhale pa situdiyo, mafoni atsegulidwe, ayankhe. Amene akugwira bwino ntchito adzapeza pamenepo mpata woonetsa ntchito yawo.

Apa pali chinthu chimene chingaononge zonse, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Kuyambira 1994, chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chakhala chikudandaula kuti wailesi ya boma imakondera olamula. Maboma asintha kangapo, dandaulo silinasinthe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndaona anthu akupotoza wailesi kusiya MBC ngakhale pa nthawi imene ikunena zoona zowathandiza. Ola la Dedza ndi Ntcheu likadzasanduka bwalo loyamikira phungu kapena nduna, anthu adzalitaya mwezi usanathe, ndipo kudzakhala bwino likadapanda kuyamba. Choncho ndikupempha kuti lidzakhale ndi komiti ya omvera yoliyang'anira: mlimi, mayi wa geni, wachinyamata, mfumu, wa kumpingo, wa kumzikiti, ndi munthu wolumala. Asasankhidwe ndi chipani. Nthawi ya chisankho, onse opikisana pa mpando wa khansala kapena wa phungu apatsidwe mphindi zofanana, ayankhe mafunso omwewo. Musaiwalenso kuti Dedza si wa Achewa ndi Angoni okha. Kwa Tambala ndi madera ena kuli abale athu Ayao, ndipo MBC, imene imawerenga kale nkhani m'Chiyao, isawasiye kunja kwa ola limeneli.

Za wailesi ya kanema ndinena mosabisa kuti kwa ambiri a ife idakali chinthu cha m'tauni. Kalembera wa 2018 uja anaonetsa kuti Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi, ndipo nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi. Dziko litasamukira ku kanema wa dijito panafunikanso dikoda, kaya ya Kiliye Kiliye kaya ina, ndipo kwa munthu amene akusinkhasinkha za feteleza ndi fizi, dikoda imakhala kumapeto kwa mndandanda. Kumene ana athu amaonera kanema ndi m'tizisakasa ta pa msika, momwe amalipira kandalama n'kuonera mpira wa ku Ulaya ndi mafilimu a nkhondo. Mwana wa pa Lobi kapena pa Mayani amatchula osewera a ku England mmodzimmodzi, koma phanga la Chentcherere, la zojambula zamakedzana ku Chongoni konkuno, sanalionepo ngakhale pa chithunzi. Sindikuwadzudzula anawo, amadya chimene chaikidwa m'mbale. Pempho langa ndi lakuti pa ma TDC (malo osulirako aphunzitsi), pa zipatala zing'onozing'ono pamene amayi amadikirira sikelo, ndi m'maholo a m'madera muikepo kanema woyendera sola, woti anthu azionera ulere nkhani ndi mapulogalamu a maphunziro. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro anaulutsidwa pa wailesi, ndipo ndinaona ana a m'mudzi mwathu atazungulira kawailesi kanga pansi pa mtengo, makope ali pamiyendo. Njala yophunzira ilipo.

Koma kanemayo akabwera, tidzionemonso ifeyo. Makamera a nyumba zoulutsira mawu, zaboma ndi zina zomwe, amakonda kufika kuno pa zifukwa ziwiri: kukabwera wamkulu ndi mdipiti wa galimoto, kapena pa M1 pakachitika ngozi. Wamkulu akanyamuka, fumbi lisanakhazikike, makamera apita. Chonsecho chuma choti n'kujambula chili mbwee. Zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, malo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ndinkatengerako ana a Sitandade 7 wapansi, ndipo sindidzaiwala mmene ankakhalira chete akayang'ana pathanthwe. Azungu amachokera kutali kudzaona zimenezi, mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sadziwa kuti ziliko. Ku Mua kuli mishoni imene inayamba mu 1902 ndi malo a Kungoni amene a Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, osunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005. Kwa Nkolimbo ku Ntcheu Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Umhlangano pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani. Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu, mpaka dziko lonse lapansi linamva dzina lake, ndipo ntchito imeneyo inkachitikira m'midzi ya konkuno, ndi amayi wamba oyenda khomo ndi khomo. Amayi oterowo alipobe, ndipo akuyenera kuoneka.

Ku Mua komweko kuli sukulu ya ana osamva. Womasulira m'chinenero chamanja amene amaoneka pakona ya kanema nthawi ya nkhani, kwa anawa ndiye wailesi yonse. Chonde asamasowe, ndipo pulogalamu iliyonse yochokera kuno ikhale naye.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa tulo. M'zaka zakale MBC inkayenda m'midzi kujambula nyimbo za makolo, ndipo matepi amenewo ndi nkhokwe ya fuko. Ku Ntcheu Chingoni chinatha pakamwa pa anthu, chatsalira m'nyimbo za ngoma, za msindo ndi za uyeni, ndi m'mawu otamanda mafumu. Nkhalamba zimene zimadziwa tanthauzo la mawuwo zikutha imodziimodzi. Chaka chatha tinaika gogo wina wa kuchikazi kwanga amene ankati akayamba kutchula mayina a makolo kuchokera pamene anaolokera Zambezi, bwalo lonse linkachita tsembwe. Palibe anamujambula, inenso ndinkangoti mawa. Madzi akatayika saoleka. Tulutsani matepi akalewo tiwamvenso, mutchule mudzi umene munajambula, zidzukulu zimve mawu a agogo awo. Ndipo tumizani anyamata ndi atsikana ndi makina ojambulira mawu kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Kachere, kwa Kaphuka, otsalawo asanapite.

Kwa inu a MACRA ndili ndi mawu ochepa. Mawu a FM amayenda ngati kuwala, phiri likatchinga safika bwino kuseri. Dziko lathu kuno ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo pali midzi imene munthu amachita kukweza wailesi pa denga kapena kuima pa chulu kuti amve bwino. Lamulo la 2016 lija linakhazikitsa thumba lothandizira kuti mauthenga afike kumadera ovuta kufikako. Tumizani akatswiri ayende ndi zipangizo zawo kunsi kwa phiri, kuchigwa cha Bwanje, kumalire a Tsangano, ayeze, alembe mapu a malo osamveka, mapuwo muwaonetse poyera. Pamene pakufunika kansanja kakang'ono kolandira ndi kupatsira mawu, thumba limenelo ligwire ntchito.

Ndalama, ndikudziwa, ndi pamene pagona nkhani. Sindine mlendo m'dziko muno, ndikudziwa mmene kwacha yafookera ndi mmene zipangizo zochokera kunja zakwerera mtengo. Koma sindikupempha nyumba yosanja. Chipinda chimodzi pa boma la Dedza, china pa Ntcheu, chotchingidwa bwino kuti phokoso lisalowe, maikolofoni awiri kapena atatu, kompyuta, sola ndi batire, ndi njinga yamoto. Khonsolo ikhoza kupereka chipindacho. Masiku ano foni ya m'manja imajambula mawu omveka bwino, ndipo mtolankhani ali pa Kampepuza akhoza kutumiza nkhani pa WhatsApp mphindi yomweyo. Achinyamata athu amene anaphunzira utolankhani m'makoleji ali pakhomo manja lende, ena akuyendetsa kabaza. Ogulitsa mbewu, makopaletivi a alimi ndi eni mashopu a pa boma akhoza kutsatsa malonda awo pa mtengo woti angaukwanitse, chifukwa omvera ake ndi makasitomala awo enieni. Ngati ola lathunthu likulemera poyamba, yambani ndi theka, katatu pa sabata, kwa chaka chimodzi. Kenako bwerani mudzatifunse ngati lathandiza. Likayenda bwino kuno, a ku Mchinji, ku Rumphi ndi ku Chikwawa adzapempha lawo, ndipo adzakhala akulondola.

Ndikukuitanani. Bwerani popanda mdipiti ndi popanda chihema, tsiku la msika pa Lizulu kapena pa Bembeke. Khalani pa thumba la kachewere, mufunse amayi ogulitsa kuti wailesi amatsegula nthawi yanji, amamvera chiyani, ndipo akadapatsidwa maikolofoni akadanena chiyani. Mukatero mutsike Khwekhwerere mukafunsenso alimi a mpunga ndi asodzi. Mukadzera kwathu, mkazi wanga adzakuphikirani kachewere wa futali ndi tiyi wotentha, poti kuno kumazizira.

Yankho la kalata ino musalembe m'nyuzipepala ya Chingerezi, kuno ifika kwa anthu ochepa. Mutiyankhe pa wailesi pomwepo, m'Chichewa, madzulo nkhani zikangotha. Ine ndi mdzukulu wanga uja tidzakhala pakhonde titatchera khutu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Bembeke, Dedza.